Kodi mtengo wa chitunda ndi zingati?

Mzinda wathu wa Mzuzu uli pamwamba pa mapiri a Viphya, pafupifupi mamita 1,250 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Nkhata Bay ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 okha, koma kuti munthu akafike kunyanjako amatsika mamita pafupifupi 800. Wokhala m'galimoto manambala amenewa sawamva. Amawamva ndi wopalasa njinga, ndipo amawamvera m'mawondo.

Alipo anthu amene amachita kulipira ndalama zambiri kuti adzamve ululu umenewu. Mu 2003 kunayamba ulendo wa panjinga wotchedwa Tour d'Afrique, wochokera ku Cairo mpaka ku Cape Town, wotenga miyezi pafupifupi inayi, ndipo kwa zaka zambiri wakhala ukudutsa kwathu kuno. Alendowa amagona ku Chitimba m'mbali mwa nyanja, m'mawa n'kukwera zitunda za Chiweta, kudutsa m'chigwa cha Henga, kufika pa Ekwendeni, kenaka kulowa mumzinda muno. Njinga zawo n'zopepuka, za magiya ambiri, ndipo katundu wawo amawanyamulira m'galimoto. Palibe cholakwa pamenepo. Thupi ndi mphatso ya Mulungu, ndipo kusangalala ndi mphamvu zake si tchimo. Ndawatchula chifukwa akutikumbutsa chimene ife tinachizolowera mpaka kuleka kuchiona: kukwera zitunda zathu panjinga ndi ntchito yaikulu, yoti munthu akabwerera kwawo amakaifotokoza monyadira.

Ntchito yomweyo ena amaigwira tsiku lililonse popanda wowaombera m'manja. Ndi abale athu a kabaza wa njinga zakapalasa, amene kuno timawatcha a Sacramento, dzina limene Mkatolika akalimva koyamba amayamba wamwetulira. Ambiri njinga zawo zilibe magiya. Kumbuyo kuli kaliyala wa khushoni, ndipo pakhushonipo pamakhala inu ndi ine, nthawi zina ndi thumba la chimanga pamiyendo. Enafe ku Misa ya lero tabwera chonchi, kuchokera ku Chibavi, ku Mchengautuwa, ku Zolozolo kapena ku Chiputula.

Tisanakwere timanenerera. Iye atchula mtengo, ife tiutsitsa, tiyamba kuyenda ngati tikupita kwa mnzake, iye atiitana: “Bwerani, mayi, tiyeni.” Tikafika timalipira zimene tinapangana, mtima uli mbee. Sitinabe, sitinaname. Funso langa n'lakuti, kodi kugwirizana mtengo n'kokwanira kuti mtengowo ukhale wachilungamo?

Mpingo unayankha kalekale kuti ayi. Mu 1891 Papa Leo XIII analemba kalata yotchedwa Rerum Novarum, yonena za anthu apantchito. M'kalatamo anatsutsa ganizo lakuti malipiro alionse ndi abwino malinga onse awiri avomera. Iye anaona kuti munthu wovomera chifukwa cha njala kapena mantha wakakamizidwa, ngakhale pakamwa pake patuluke mawu akuti “chabwino”. Katekisimu wa Eklezia Katolika akubwereza zomwezo pa ndime 2434, ndipo pa ndime 1867 akuika kupondereza waganyu m'gulu la machimo ofuulira kumwamba. Buku la Deuteronomo, mutu 24, limalamula kuti mmphawi wogwira ganyu alipidwe dzuwa lisanalowe, chifukwa mtima wake wonse uli pa ndalamayo.

Wina anena kuti zimenezo n'zokhudza mabwana a m'makampani ndi m'maesiteti, ine sindinalembe munthu ntchito. Koma kwa mphindi khumi zimene mwakhala pakaliyala, bwana wake ndinu. Alibe wina womulipira. Alibe malipiro a pamwezi, alibe penshoni, akadwala tsikulo lapita. Ena njingayo si yawo n'komwe, madzulo ayenera kukapereka ya mwini wake asanaone yogulira ufa.

Taonaninso kumene timanenerera. Pogula mafuta a galimoto sitinenerera. M'sitolo zikuluzikulu za m'tauni timalipira zimene zalembedwa, ngakhale tikudandaula chamumtima. Mayunitsi a foni sitinachotseko ngakhale tambala. Luso lathu lonenerera timalionetsa kwa mayi wogulitsa masamba ku Zigwagwa ndi kwa mnyamata wa Sacramento, anthu amene sangathe kutikaniza. Ndipo timadziwa nthawi yake. Dzuwa likamapendeka, amene sanapeze okwera okwanira amavomera chilichonse. Mtengo umene timaupeza pamenepo sutiuza kuti ulendowo ndi wopepuka, ukungotiuza kuti munthuyo wapanikizika motani.

Apa m'pamene chitunda chikulowera m'nkhaniyi. Pamalo athyathyathya, njinga ikangoyamba kuyenda, kulemera kwa wokwera sikuvutitsa kwenikweni. Pachitunda zimasintha: kilogalamu iliyonse iyenera kukwezedwa ndi miyendo ya munthu mmodzi. Wopalasa wa makilogalamu 60, njinga ya makilogalamu 20 ndi wokwera wa makilogalamu 70, pamodzi ndi 150. Onjezani thumba la chimanga la makilogalamu 50, afika 200, kuposa katatu kulemera kwa mwini miyendoyo. Komabe ambirife poyeza mtengo timangoona kutalika kwa ulendo, “si pomwepa apa?”, osaona kukwera kwake. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Wokhala pakaliyala mphepo imamuomba bwino, thukuta amangoliona likudontha pakhosi pa mnzake.

Kale ndi kale okwera aulemu amatsika pachitunda chovuta n'kuyenda pansi pang'ono. Alipo amene amakana, amvekere, “Ndalipira, palasa!” Mawu amenewa amandiopsa kuposa kunenerera kwenikweniko, chifukwa akusonyeza kuti wolipirayo akuganiza kuti wagula munthu yense. Papa Yohane Paulo II, yemwe anadzacheza m'dziko muno mu 1989, analemba mu Laborem Exercens mu 1981 kuti ulemerero wa ntchito umachokera kwa munthu woigwirayo, osati ku mtundu wa ntchitoyo. Mwagula ulendo. Mapapo ndi mawondo ake akadali ake, ndipo mawa adzawafunanso.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina yovuta, tisaibise. Okwera Sacramento ambiri si olemera. Wolemera ali ndi galimoto, wopezako pang'ono amakwera njinga yamoto. Pakaliyala pamakhala mayi amene phindu lake la tsiku lonse n'lochepa kuposa la wopalasayo, wophunzira amene wapatsidwa ndalama yowerengeka, gogo wopita kuchipatala. Kuwauza amenewa kuti azilipira zambiri kuli ngati kuchotsa nsima m'mbale ya mmphawi kuika m'mbale ya mmphawi mnzake. Komanso mitengo ikakwera kwambiri anthu ayamba kuyenda pansi kapena kuthamangira njinga zamoto, ndipo woluza adzakhala wakapalasa yemweyo. Nawonso a kabaza si angelo. Ena akaona mlendo kapena munthu wovala bwino amatchula mtengo wowirikiza, ndipo kumeneko n'kudyera munthu masuku pamutu chimodzimodzi.

N'chifukwa chake sindikuganiza kuti kunenerera pakokha ndi tchimo. Amphawi awiri akamakambirana moona, aliyense akunena zimene angathe, akugawana mtolo, ndipo nthawi zambiri amamvana msanga kuposa ife ena. Chimene ndikuchikayikira ndi kunenerera kwa munthu amene ndalamayo ali nayo, amene K200 yomwe wachotsayo sadzaikumbukiranso pofika madzulo, koma amaichotsabe chifukwa safuna kuoneka wopusa. Ameneyo sakuteteza banja lake ku njala. Akusangalala ndi kupambana, ndipo wapambana munthu amene analibe pothawira. Aliyense wa ife akudziwa gulu limene ali, ndipo mwina amasinthasintha malinga ndi tsiku la pamwezi. Ndi funso loyenera kulitengera ku mphakati, ngakhalenso kukalapa, kumene kawirikawiri timakumbukira machimo ena onse kupatula a m'thumba.

Chitunda chilichonse chili ndi matsitso ake, ndipo ena amati pobwerera wopalasa amapuma, choncho zimalipirana. Kutsetsereka ndi katundu wa makilogalamu 200 si kupuma. Moyo wa anthu awiri umakhala m'manja mwa timalabala ta mabuleki, ndipo mvula ya ku Mzuzu ikanyowetsa malimu timalabalato timachedwa kugwira. Matayala, machubu, tcheni ndi mabuleki zambiri zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera monga zinthu zina zonse. Wopalasa ali ndi udindo wosanyamula munthu panjinga ya mabuleki otha, ndipo umphawi sumuchotsera udindowo. Koma ndalama imene tamuchotsera ija iyenera kuchoka penapake. Akafika kunyumba madzulo amawerenga zimene wapeza, ya mwini njinga payokha, ya ufa payokha, ya lendi payokha. Ikapereŵera, ana sangagone ndi njala chifukwa cha labala. Amati mabulekiwa apirire sabata ina, ndipo m'mawa amadzaimanso pageti la tchalitchi kudikira wotuluka ku Misa yoyamba.