Ngati palibe wakuonani, mwalakwa kapena ayi?



Mu 2021, Deisy Nhaquile wa kwa aneba athu ku Mozambique anapikisana nawo pa Olimpiki ya ku Tokyo, m'kabwato ka munthu mmodzi koyenda ndi mphepo. Masewerawa ali ndi lamulo lowawa: ukagunda chizindikiro choyandama pokhota, umadzilanga wekha pozungulitsa bwato kamodzi, anzako akukupitirira. Si nthawi zonse oweruza amaona. Thukuta la zaka zambiri lingathere pomwepo.

Funso nali: wobisa n'kupambana, wapambanadi? Wina angati palibe wapwetekedwa. Alipo: uja wazungulira moona mtima n'kutsalira. Malo ake abedwa.

Nafenso tili nazo. Sikelo yobera pogula nshawa ku Petauke, nthochi zowola pansi pa dengu ku Nyimba, ndalama yolowa molakwika pafoni, ife n'kumati Mulungu wayankha. Iyayi, abale! Pa Machitidwe 5, Ananiya ndi Safira anayesa kubisa, koma Mzimu Woyera sanamizidwa.

Sabata ino zungulirani nokha. Bwezani, pepesani, ngakhale mutsalire m'mbuyo. Ameni.