Wobuula ndi Woperekeza

Padangokhala! Ku Nkopola kunali asodzi awiri apachibale, onse imvi zili mbuu. Wamkuluyo khosi linkamuwawa, moti akabuula usiku, oyanika usipa kugombe ankamva. Wamng'onoyo khosi linkangouma pang'ono, koma zala zinali dzanzi lokhalokha. Posoka chilimira singano inkamupulumuka, mabatani a malaya ankamukanika, ndipo poyenda ankadzandira mpaka anyamata n'kumanong'onezana kuti wayamba kachasu atakalamba.

Tsiku lina wamkulu uja anati, "Mng'ono wanga, ndiperekeze ku chipatala cha Mangochi akanding'ambe khosili."

Dokotala atamuyeza anapeza manja ndi miyendo zili ndi mphamvu. "Bambo, m'khosi muli mafupa 7, ndipo timapilo tokhala pakati pake timaphwa munthu akamakula. Anzanu ambiri ali nazo. Kuwawa kokha sitichitira opaleshoni. Imwani mankhwala, muzichita mafizo. Mubwerenso mkono ukayamba kufooka, kapena ululu wotsikira m'mkono ukakana kutha kwa miyezi itatu."

Mkuluyo ananyinyirika kuti wangotaya ya minibasi. Mng'ono wake pomutengera buku la kuchipatala, linagwa. Anatola, linagwanso.

Dokotala anamuyang'anitsitsa. "Inu bambo, tafumbatani n'kutambasula zala msangamsanga. Tsopano yendani chidendene chikugunda chala."

Zonse zinamukanika.

"Wodwala weniweni ndinu. Mafupa akufinya mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, umene umalamula manja ndi miyendo. Mupite ku Queen Elizabeth ku Blantyre akakujambuleni ndi MRI. Opaleshoni imaletsa matendawa kupitirira, koma zimene zawonongeka kale sizibwerera zonse. Musachedwe."

"Ine ndangoperekeza achimwenewa, palibe pakundiwawa," anatero.

Anabwerera kumudzi. Wamng'onoyo anati adikire mwera uleke. Mwera utaleka, anati usipa wachuluka, ndani angasiye ndalama m'madzi? Anakatemetsa mphini m'khosi, osathandiza. Tsiku lina anagwa potsika m'bwato, kenaka mkodzo unayamba kumupulumuka. Apo m'pamene ana ake anamunyamula.

Ku Blantyre anamuchita opaleshoni, mtsempha uja n'kupeza mpata. Miyendo inaleka kufookera ndipo lero amafika kugombe ndi ndodo. Zala zokha sizinabwerere. Chilimira amasoka ndi mdzukulu wake, iye akumulangiza ndi pakamwa. Mkulu wake uja akupalasabe bwato, ndipo kubuula sanasiye.