Mfundo zofunika: zimene namwino wa pa hatchi akutiphunzitsa

Mayi Mary Breckinridge anabadwa mu 1881 m'banja lodziwika ku America, koma amakumbukiridwa chifukwa cha ntchito imene anagwira m'mapiri a Kentucky, kumene amayi ankachira popanda dokotala pafupi.

1. Chisoni chimadzutsa munthu, koma sichimuphunzitsa ntchito. Mwana wawo wamkazi anamwalira mu 1916 patangopita maola ochepa chibadwire. Wamwamuna anatsatira mu 1918 ali ndi zaka 4. Apa ndi pamene anadzipereka kutumikira amayi ndi ana. Komabe sanathamangire kumidzi ndi misozi yokha. Anali kale namwino, ndipo anawoloka nyanja kukaphunzira uzamba ku London, kenako anapita ku Scotland kukaona mmene anamwino ankafikira anthu a m'mapiri ndi pazilumba. Ambiri timati tili ndi mtima wothandiza, koma mtima wokha suletsa magazi pamene mayi akutaya ochuluka atangochira.

2. Yambani mwafunsa. Mu 1923 anazungulira mapiriwo pa hatchi akucheza ndi azamba 53 a m'midzi, ambiri okalamba ndithu. Ineyo ndimaona kuti anawaweruza mopitirira, poti amayi amenewa ndiwo ankadzuka usiku pamene panalibe wina woitana. Koma kufunsako kunali koyenera: anadziwa mavuto a deralo asanamange chipatala.

3. Mayi woyembekezera asamakhale iye woyenda mtunda wautali. Bungwe limene analiyambitsa mu 1925 m'boma la Leslie, lomwe linadzatchedwa Frontier Nursing Service, linkatumiza anamwino pa mahatchi, zipangizo zili m'zikwama zapachishalo. Ankawoloka mitsinje ngakhale usiku. Akafika pakhomo sankangoyeza mimba n'kubwerera. Ankabaya ana katemera, kufunsa komwe banjalo limatunga madzi, ndi kuona ngati pali chimbudzi. Aliyense amene anaonapo mayi atanyamulidwa pa njinga yakapalasa, matenda atayamba kale, akumvetsa chifukwa chake. Umoyo wa mayi suyambira m'chipinda chochirira ayi, umayambira pachitsime ndi m'mbale imene amadyera.

4. Umphawi usatseke chitseko. Malipiro anali ochepa, ndipo wosowa ndalama ankapereka zakumunda kapena kugwira ntchito m'malo mwake.

5. Lembani zimene mwachita. Anamwinowa ankasunga mbiri ya mayi aliyense, ndipo katswiri wa ziwerengero Louis Dublin ataunika zolembazo zinaoneka kuti imfa za uchembere zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi dziko lonselo. Kulemba kumatopetsa munthu amene wachezera usiku wonse, koma ndi kumene kunatseka pakamwa anthu amene ankati namwino sangathe popanda dokotala pambali.

6. Musadalire manja obwereka mpaka kalekale. Azamba ambiri oyamba a bungweli anali ochokera ku Britain. Nkhondo itabuka mu 1939, ambiri anabwerera kwawo, ndipo chaka chomwecho Mayi Breckinridge anatsegula sukulu ya uzamba ku Hyden. Iwo anamwalira mu 1965, koma mu 1970 sukuluyo inayamba kuphunzitsa anamwino oti aziyeza ndi kuchiza banja lonse. Lero ndi Frontier Nursing University.