Maso a Nkhono ndi Ma Register a STM32

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Aliyense amene anaiyang'anitsitsapo nkhono nyengo ya mvula akudziwa: ukangoikhudza, tinyanga take ta maso timabwerera m'kati. Mwambiwu umandifikira pamtima ndikaona olemba firmware, pulogalamu yokhala m'kati mwenimweni mwa chipangizo, akuyerekezera bolodi yogwira bwino ndi inzake yomangozima.

Taonani chip ya STM32F407 ya kampani ya STMicroelectronics. Ikangoyaka imayenda pa 16 MHz, koma imatha kufika 168 MHz. Flash memory yake siithamanga choncho, motero purosesa iyenera kuuzidwa kuti izidikira pang'ono isanatenge malangizo. Nambala yodikirayo imalembedwa m'ma bit a LATENCY, mu register ya FLASH_ACR, pa adiresi 0x40023C00. Pa 168 MHz, magetsi akakhala pakati pa 2.7 ndi 3.6 V, pamafunika 5. Akatsikira pakati pa 2.4 ndi 2.7 V, pamafunika 6. Nambalayi ikaperewera, purosesa imawerenga zolakwika, ndipo bolodi imene inkagwira bwino patebulo imayamba kugwa batire ikafooka.

Zida zofufuzira zilipo, ndipo ndi zabwino. OpenOCD ndi GDB zimakopera zomwe zili m'ma register, fayilo ya CMSIS-SVD imatchula dzina la bit iliyonse, kenako diff, pulogalamu ya Unix ya m'zaka za m'ma 1970, imaonetsa pamene mabolodi awiriwo asiyana.

Koma diff sisankha. Imasonyeza ma timer, omwe amasintha mphindi iliyonse, pamodzi ndi bit imodzi yomwe yabweretsa vuto, zonse mofanana. Wopupuluma amakopera zonse za bolodi yabwino n'kuzithira mu inayo. Ikayaka amasangalala, chonsecho sakudziwa chomwe wachiza. Ine zimenezi zimandidetsa nkhawa, chifukwa chipangizocho chikupita m'manja mwa anthu amene adzachidalire.

Palinso ma register ena amene amasintha ukangowawerenga. Pa chip yomweyi, kuwerenga USART_DR kumafufuta chizindikiro cha RXNE, chouza pulogalamu kuti uthenga wafika. Chida chokopera chilichonse mosasankha chimafafaniza umboni womwe ukuufunafuna, monga chala chokhudza nkhono ija. N'chifukwa chake wodekha amayamba watsegula reference manual, n'kupatula ma register osayenera kukhudzidwa, n'kuimitsa mabolodi onse awiri pamzere umodzimodzi wa pulogalamu. Akatero amakopera bolodi yabwino kawiri, kuti adziwe zomwe zimasintha zokha, asanaiyerekezere ndi yodwalayo.