Linga la Pakhomo Pako

Pa 24 October 1964 mbendera ya Zambia inakwezedwa ku Lusaka, ndipo dziko limene azungu analicha Northern Rhodesia linabwerera kwa eni ace. Caka ndi caka tikumbukira tsikulo ndi nyimbo ndi magule, ndipo nkwabwino kutero. Koma ng'oma zitaleka kulira, munthu wokonda dziko lace adziwika ndi ciani?

Taonani Nehemiya. Iye anali wopereka cikho kwa mfumu Aritasasta ku Susani, munthu wodya bwino ndi wobvala bwino. Mbale wace Hanani atamfotokozera za kupasuka kwa linga la Yerusalemu, cakudya ca kwa mfumu sicinamkomerenso. Anapemphera, napempha cilolezo, nabwerera kumabwinja a makolo ace. Ndipo linga lija linatha m'masiku 52 okha.

Linatha bwanji msanga cotere? Mutu wacitatu wa buku lace utiuza. Anthu anagawana lingalo zigawozigawo, ndipo ambiri anamanga cigawo coyang'anana ndi khomo lao. Ansembe anagwira nchito, osula golidi ndi amalonda omwe, ngakhale ana akazi a Salumu anaturuka kukathandiza atate wao. Akuru a ku Tekoa anakana kugwira nao. Kaya anaopa kudetsa zobvala zao. Koma anthu wamba a mudzi womwewo anamanga zigawo ziwiri.

Ife tiribe linga la miyala. Linga lathu ndilo nthaka, mitengo ndi mitsinje imene Mulungu anatisungitsa. Munthu aimba nyimbo ya fuko ndi mau okweza, koma mwezi womwewo atentha thengo lonse cifukwa ca mbewa zisanu, nagwetsa mitengo ya m'mbali mwa mtsinje kuti aoche makala. Mvula ikadza, nthaka ya munda wa ana ace itsikira ku Luangwa, ndipo palibe boma limene lidzapita kukaibweza. Ameneyo wagumula cigawo ca pakhomo pace ndi manja ace.

Pali mng'aru winanso umene suoneka ndi maso. Pakati pa nchito ija osauka anadandaula kuti abale ao olemera alikuwalanda minda ndi ana cifukwa ca ngongole za m'nthawi ya njala. Nehemiya anasonkhanitsa olemerawo, nawalumbiritsa pamaso pa ansembe kuti abweze mindayo. Ndipo iye mwini, zaka 12 za ukazembe wace, sanatenge cakudya cimene akazembe akale anali kusonkhetsa anthu. Iwe wokongoza cimanga mwa kaloba m'mwezi wa February, thumba limodzi kuti ulandire awiri pokolola, yemwe ulikumfinyayo ndi Mzambia mnzako, angakhale ali Mcewa, Mnsenga, Mngoni kapena Mtumbuka, ndipo mawa mudzakhala naye pa gome limodzi la Mgonero.

Akuru a mpingo, pa Sabata loyandikana ndi 24 October muwerengere anthu mutu wacitatu uja wonse, osalumpha maina obvuta. Mukatha, muturuke nao kukaona citsime ca mudzi ndi mlatho wa panjira ya kusukulu, mugawane masiku mvula isanagwe.