Kodi kusewera ngati wamatsenga ndi tchimo?

Mayi wina anandiyimitsa titatuluka Misa. Mwana wake wakonda Dungeons & Dragons, masewera a patebulo omwe anayamba ku America mu 1974. Wosewera amasankha kukhala msilikali, wansembe kapena wamatsenga, ndipo mabuku atsopano amawonjezerabe mitundu ya amatsengawo. "Bambo, kodi limeneli si tchimo?"

Akhristu anzanga, mwana amene amakhala fisi pa masanje sasanduka fisi. Tchimo limayamba mtima ukakhumba mphamvu zenizeni zoposera anzako, monga Simoni wa ku Samariya anafuna kugula mphamvu ya Mzimu Woyera ndi ndalama.

Mwanayo timuyang'anire ndithu. Koma tisanamulande bukulo, ife akuluakulu a kuno ku Nkhotakota tidzifunse: ndani amapita kwa sing'anga usiku kukakhwimitsa ukonde? Ndani amaloza agogo chala kuti ndi mfiti usipa ukasowa?