Kafukufuku Wako Adzapindulira Yani?

Wophunzira aliyense amene akuchita digiri yachiwiri ya zamalonda, imene ambiri amaitcha MBA, amafika pamphambano akamayandikira kumaliza. Kaya ali ku MUBAS mumzinda wa Blantyre, sukulu imene inkatchedwa Polytechnic kufikira 2021, kaya ali ku ESAMI ku Lilongwe, amayenera kusankha mutu wa kafukufuku amene adzamudyera miyezi yambiri. Ambiri amaona chisankhochi ngati nkhani ya mayeso chabe. Ine ndimati ndi nkhani ya chikumbumtima.

Njira yachidule ilipo. Munthu amasankha mutu umene ena ambiri analemba kale, monga mmene makasitomala a banki amakhutirira ndi ntchito za bankiyo. Mabuku alipo, mafunso alipo, ndipo oyankha ali mu ofesi momwemo. Sindikunyoza mitu yotere. Amene akudzilipirira yekha fizi, uku akugwira ntchito masana ndi kulera ana usiku, ali ndi ufulu wosamala nthawi yake. Koma funso limene yankho lake ukulidziwa kale usanayambe, kodi ndi kafukufuku kapena ndi mwambo wongopezera satifiketi?

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo kumeneko mafunso a zamalonda ali mbwee m'mbali mwa msewu wa M1. Mbatata ya kachewere imene imakazingidwa pa ziwaya za ku Lilongwe ndi ku Blantyre, yambiri imachokera kumapiri a ku Tsangano ndi madera ozungulira. Nanga pa mtengo umene wodya tchipisi amalipira, mlimi amalandirapo zingati? Pa msika wa Lizulu, pomwe msewu ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, tomato ndi kabichi zikachuluka mtengo umagwa, chifukwa katundu wowola salola mwini wake kudikira. Venda wobwera ndi lole amadziwa zimenezi, ndiye amatchula mtengo. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza anakwera. Kodi amayi a banki m'khonde anaisenza bwanji ngongole ya chaka chimenecho? Zonsezi ndi nkhani za msika, mitengo, mayendedwe a katundu ndi ngongole, zomwezo zimene wophunzira wa MBA amaphunzira m'kalasi.

Wina anganene kuti ndikukakamiza aliyense kubwerera kumudzi. Ayi ndithu. Banki yoyendetsedwa bwino imathandizanso mlimi, ndipo dziko likufunika anthu odziwa za inshuwalansi ndi za mafakitale. Komanso kusankha mutu wa kumudzi pakokha sikusandutsa munthu kukhala wolungama. Anthu a kwathu anatopa ndi alendo obwera ndi mapepala a mafunso. Mayi amasiya dengu lake, n'kuulula phindu lake, ngongole zake, ngakhale katapila amene amabisira mwamuna wake. Mlendo uja amathokoza, n'kukwera galimoto. Iye amavala mkanjo pa tsiku lolandira digiri, buku lake limakagona pa shelefu ya laibulale m'Chingerezi, ndipo mayi uja samva kanthu mpaka kalekale. Umphawi wa wina wasanduka makwerero a mnzake. Pamenepa wophunzira uyu wachita zofanana ndi venda wa lole uja: wagula motchipa, wakagulitsa modula.

N'chifukwa chake ndimaona kuti muyeso wa mutu wabwino si malo amene kafukufuku akachitikire. Muyeso ndi wakuti, kodi pali munthu wamoyo amene akudikira yankho, ndipo kodi yankholo lidzamufika? Wosankha mutu ayenera kutha kutchula anthu amene adzasinthe kachitidwe kawo akamva zimene wapeza. Ayenera kukhala wokonzeka kulemba zoona ngakhale zitakhumudwitsa bwana amene akumulipirira sukulu, kapena zitaonetsa kuti venda amene tonse timamuda naye amataya ndalama zambiri pa mafuta ndi pa katundu wowonongeka m'njira. Ayeneranso kuika padera tsiku lobwerera kukakhala pansi ndi kalabu ya alimi, n'kuwafotokozera zotsatira m'chilankhulo chimene anamuyankhira.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Amene anayankha mafunso ako anaika kanthu mwa iwe, ndipo ngongole imeneyi mphunzitsi woyang'anira kafukufuku sadzakuchongera. Palibe lamulo la yunivesite limene lidzakulande digiri chifukwa sunabwerere ku Tsangano. Udzangodziwa wekha, tsiku lililonse pamene ukulemba zilembo zitatu zija kutsogolo kwa dzina lako, kuti unazigula ndi nthawi ya yani.